Agogo Adasankha Magalasi Aang'ono

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, a Ngozo, chimene chimayamba kundifika si nkhope yawo ayi, koma fungo la utomoni wa paini losakanikirana ndi utsi wa lupsa, limene lidakhazikika m'chijasi chawo chakuda moti ngakhale agogo aakazi achichape ndi sopo wamtanda n'kuchiyanika pampanda wa khola mpaka chiume gwa, fungolo linkabwerera ndithu. Ankachivala m'mawa uliwonse, kuzizire kusazizire, n'kutuluka mame asanakamuke, ine ndili m'khitchini kupemerera moto wa zitsononkho, maso ali misozi yokhayokha, nkhuku zikutsika pachitele ndipo nkhungu itaphimba phiri la Mphunzi mpaka m'chiuno. Ndikasuzumira pakhomo ndinkawaona ataima pamwamba pa chulu cha kuseri kwa khola, dzanja lili pachipumi, akuyang'ana kutsidya kwa dambo ngati munthu woyembekezera mlendo amene sadanene tsiku lobwera.

Agogowo adagwira ntchito m'nkhalango ya pa Phiri la Dedza kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zidatuluka. M'chilimwe, udzu ukauma, ntchito yawo idali kukhala pansanja ya pamwamba pa phiri ndi kuyang'anira utsi, kuti moto usalowe m'mapaini anthu asanadziwe. Pantchitoyo adawapatsa magalasi oonera patali, aja amaika m'maso onse awiri chinthu chakutali n'kubwera pafupi. Kwathu anthu ankawatcha maso a boma. Koma utsi sufuka tsiku lililonse, ndipo munthu sangayang'ane mapaini okhaokha mpaka kalekale osapenga. Iwo ankati m'mapaini mumakhala zii ngati m'tchalitchi Lolemba, mbalame sizikondamo. Choncho adayamba kulozetsa magalasiwo kumapeto kwa nkhalango, kumene kudatsala mitengo yachilengedwe, ndipo matenda okonda mbalame adawagwirira kumeneko. Atapuma pantchito adabweza zonse, nsapato, wenzulo ndi maso a boma omwe, n'kubwera kumudzi ndi chijasi ndi matendawo. Ankatha kusiya khasu pakati pa mzere chifukwa timba walira m'udzu, ndipo agogo aakazi ankati adakwatiwa ndi munthu, koma boma lawabwezera mphaka.

Ine ndinkakhala ndi agogo awiriwo chifukwa amayi ankagwira ntchito ya unamwino ku Lilongwe, ndipo ankati kutauni kulibe wondiyang'anira. Mudzi udali wa agogo aakazi, Anaphiri. Minda, dimba la mbatatesi ndi kabichi, ngakhale chulu chija, zonse zidali za kuchikazi. Agogo aamuna adali mkamwini, Mngoni wa ku Ntcheu wokulira pamishoni, amene adabwera kudzakwatira ali ndi sutikesi imodzi yachitsulo. Ana adabala, adzukulu adawaona, nyumba yamalata adamanga, koma mkamwini ngakhale akalambe amakhalabe pamudzi pa eni, ndipo akalakwa kwambiri amakumbutsidwa kuti njira ya kwawo akuidziwa. Kwawoko tsono kudali kutatsala ana a abale awo amene sankawadziwa n'komwe. Mwini mbumba, wamkulu woyang'anira banja lonse la agogo aakazi, adali mlongo wawo, a Chimphepo, munthu wamfupi wosataya mawu, amene sankapita kutchalitchi ndipo adali mmodzi mwa akuluakulu a gule wamkulu m'mudzimo. Alamu awiriwa ankagwirizana mwa njira yawoyawo. Ankabwerekana njinga ndi mpope wopopera mbewu, koma za Mulungu ndi za mizimu sankazikhudza.

Kutsidya kwa dambo, kumene agogo ankayang'ana kuja, kudali manda a mudzi wathu. Kwina konse mitengo idatha kalekale ndi nkhwangwa, koma kumanda palibe adayesa kudulako, moti mikuyu, katope ndi mbawa zidakula n'kulukana pamwamba, pansi pali bii ngakhale masana. Ife ana tinkaletsedwa ngakhale kulozako chala. M'msitu womwewo mudali dambwe, malo a amuna a gule, kumene mkazi kapena mwamuna wosavinidwa safika. Za kumeneko ndinkadziwa chimodzi chokha, chakuti sindiyenera kudziwa kanthu. Agogo nawo, Mkatolika wa kolona m'thumba, adakhala zaka zonsezo osapondako phazi kupatula tsiku loika maliro. Koma mbalame zimatsata mitengo. Nkhulukulu, mbalame ya tsumba ija imene ikauluka mapiko ake amaoneka ofiira ngati makala a moto, idali itasowa kwina konse kupatula kumandako. M'mawa uliwonse tinkaimva ikulira kho-kho-kho-kho, ndipo agogo ankangoyang'ana ndi maso awo okalamba, osaona kanthu koma mdima wa masamba.

Chaka chimene ndidali sitandade faifi, malume a Pio, amene ankayendetsa thiraki yonyamula katundu ku Joni, adaiimika pa Chimbiya n'kubwera kumudzi pakabaza, fumbi lili mbuu m'nsidze. M'chikwama mwawo mudali shuga, buledi, nsalu ya agogo aakazi ndi mabokosi awiri. M'bokosi lina mudali magalasi aakulu akuda, olemera ngati thadzi la nkhuku. M'linalo mudali aang'ono obiriwira, oti n'kulowa m'thumba la chijasi. Malume adati m'sitolo muja adasokonezeka, sadadziwe oyenera, ndiye adangotenga onse awiri. Atate awo ayese, asankhe amodzi, ndipo otsalawo adzawatenga pobwerera chifukwa adawalonjeza mnzawo wa kuntchito.

Pa magalasi alionse padalembedwa manambala awiri, pakati pake pali chizindikiro chochulukitsira: 20 ndi 50 pa aakulu, 8 ndi 25 pa aang'ono. Ine, pofuna kuonetsa kuti sukulu ndikuitha, ndidachulukitsa n'kulengeza mayankho, ndipo malume adaseka mpaka kutsokomola. Adalongosola kuti nambala yoyamba imanena mphamvu yokokera chinthu pafupi, pamene yachiwiri imanena kukula kwa diso la kutsogolo limene limalowetsa kuwala. Ndidagwedeza mutu ngati ndamva. Agogo aakazi adafunsa kuti munthu angavutikirenji kukokera pafupi mbalame imene sadya.

Agogo aamuna sadavutike n'kusankha. Aang'onowo adawayesa kamodzi pa pumbwa amene adali mumtengo wa mapichesi pakhomo, n'kunena kuti ndi a ana. Aakuluwo adawapukuta ndi mpango wawo wa kutchalitchi, adawakoleka m'khosi, ndipo m'mawa mwake adakwera nawo pachulu tiyi asanapse. Manja awo ankanjenjemera, ndipo magalasi amphamvu amakulitsa ndi kunjenjemera komwe, choncho adadula mphanda n'kuizika pachulupo kuti azitsamiritsapo. Tsiku lina ndikutsuka mbale adandiitana. Ankanditcha akazi awo aang'ono, monga amachitira agogo ndi adzukulu aakazi.

"Akazi anga, siyani mbalezo, bwerani mudzaone mlendo wanga."

Ndidaikapo maso. Poyamba ndidangoona mdima ndi nsidze zanga zomwe, kenaka zobiriwira zikuvinavina, mutu n'kuyamba kuzungulira. Iwo adandigwira chala n'kutembenuza nacho kagudumu ka pakati pang'onopang'ono, akunong'ona kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwadzidzidzi nkhulukulu idali pamphuno panga penipeni, tsumba lili njo, mkombero wofiira utazungulira diso, ikumeza nkhuyu yathunthu. Ndidatambasula dzanja kuti ndiigwire, ndipo agogo adaseka mpaka kugwira mphanda ija. Chipumire pantchito ndidali ndisanawamvepo akuseka motero.

Nthawi imeneyo idali ya pambuyo pokolola, pamene m'midzi mumachitika miyambo ya ziliza, ndipo ng'oma zinkalira kutsidya dzuwa likapendeka. Sindikudziwa amene adationa pachulupo. Galasi likakumana ndi dzuwa la m'mawa limang'anima patali, ndiye mwina n'kung'animako kumene kudatiulula. Chimene ndikudziwa n'chakuti zinthu zidasintha popanda wonena chifukwa. Kumjigo amayi ankadula nkhani ndikangotula ndowa. Mnzanga Nabiyeni adauzidwa kuti asamayendenso nane popita kusukulu, ndipo nditamufunsa adati iyenso sakudziwa, koma akuti ine ndili ndi maso. Ndidakawayang'ana maso angawo pakalilole ndipo adali omwe aja. Anyamata amene ankabwera kudzabwereka pampu ya njinga adayamba kulambalala nyumba yathu. Ndidafunsa agogo aakazi, adanditsina pantchafu. Ndidafunsa agogo aamuna, adati iwonso akudabwa. Kusukulu aphunzitsi ankatiuza kuti safunsa adadya phula, koma kwathu wofunsa ndiye ankatsinidwa, ndipo mpaka lero zimandipsetsa mtima kuti akuluakulu ankaganiza kuti mwana akapanda kuuzidwa kanthu ndiye kuti saopa. Ndinkaopa kwambiri, osadziwa n'komwe chimene ndikuopa.

Mbali yake ndidadzaimva ndili kuseri kwa nkhokwe ndikutongola chimanga, agogo awiriwo akukangana motsitsa mawu pakhonde. Agogo aakazi ankati m'mudzi mwamveka kuti mkamwini wosavinidwa akusuzumira kudambwe ndi maso a ku Joni, ndipo sizidamukwanire, waonetsanso mwana wamkazi. Ena ankati alipe mbuzi. Ena ankati mbuzi singatseke maso amene aona kale, angobwerera kwawo ku Ntcheu. Agogo aamuna ankati mapazi awo sadachoke pachulu cha kuseri kwa nyumba yawo, ndipo lamulo limene adalimva chibwerere m'mudzimo ndi loti usapiteko, koma la kuyang'ana palibe adawauzapo. Agogo aakazi adati palibe adawauza chifukwa palibe adaganizapo kuti munthu angaime kuno maso ake ali uko. Agogo aamuna adabwerezanso za chulu chawo.

"A Ngozo, chulucho n'chanu?" adafunsa agogo aakazi.

Ndidangomva mpando ukukokedwa.

M'mawa mwake agogo aakazi adatsitsa sutikesi yachitsulo ija pamwamba pa kabati, adaipukuta fumbi, n'kuiika pakhonde poonekera aliyense wodutsa. Ndidadziwa kuti akuwalongedzera agogo aamuna, ndipo ndidayamba kuganiza za m'mawa wopanda chijasi chakuda pachulu. Onse atapita kudimba ndidaitsegula kuti ndione ngati chijasicho chalowa kale. Ndidapezamo nsalu za agogo aakazi, mpango wawo wa kumutu wa bungwe la amayi a mpingo, mthiko ndi chipande. Cha agogo aamuna mudalibe ngakhale chimodzi. Apo mutu udandiima. Akuthamangitsidwa ndani tsono? Kodi mkazi amathamangitsidwa pamudzi pa amayi ake? Ndidatseka sutikesiyo n'kukhalapo pamwamba mpaka adabwera.

A Chimphepo adafika masana a tsiku lomwelo. Agogo aakazi adawayalira mphasa, adawapatsa moni atagwada, kenaka adatsegula sutikesi ija pamaso pawo n'kupindiramo nsalu yawo ina mosafulumira, osanena kanthu. A Chimphepo adaiyang'ana nsaluyo nthawi yaitali. Thobwa limene ndidawabweretsera adaliika pansi osamwa. Ine sadandithamangitse, mwina poti nanenso ndidali m'mlanduwo.

Ndikaganizira lero ndimaona kuti nawonso adali osokonezeka ngati ine ndemwe. Mlandu wotere udali usanachitikepo. Komanso sakadatha kufunsa kuti kodi mwaona chakutichakuti, pakuti kutchula chinthucho kukadakhala kuulula chimene adabwera kudzateteza. Choncho adazungulira. Adayamba ndi za feteleza, adalowa za chifuwa chimene chinkawavuta, adadandaula za chisanu chimene chidaotcha mbatatesi, kenaka adatsokomola.

"Alamu, kutsidyaku mumaonako chiyani?"

"Nkhulukulu, alamu."

"Basi?"

"Nthawi zina pumbwa. Dzana ndinaona gologolo."

"Nanga pansi pa mitengo?"

"Mbalame zanga zimakhala m'mwamba. Pansi sindiyang'anako."

"Koma mutafuna?"

Agogo akadangoti ayi mwina nkhani ikadathera pomwepo, koma bodza sankalitha. Adanyamuka, adalowa m'nyumba, adatuluka ndi magalasi aakulu ndi aang'ono omwe, n'kuwapereka ndi manja awiri.

"Kayang'aneni nokha, alamu. Eni ake ndinu."

Adakwera pachulu awiriwo, ife tili m'munsi. A Chimphepo adali asanagwirepo chinthu chotere, choncho agogo adawaonetsa potsamiritsa ndi kagudumu kotembenuza. Poyamba adaloza kumwamba, adakumana ndi mtambo, adadzandira n'kugwira phewa la mlamu wawo. Kenaka adaupeza msitu. Ndidawaona akutsitsa magalasi aakuluwo pang'onopang'ono, kuchokera kunsonga za mitengo kunka pansi, ndipo adangouma. Adakhala choncho mpaka ntchentche idawatera pakhutu osaiingitsa. Atachotsapo maso sadayang'ane aliyense. Adatambasula dzanja, agogo n'kuwapatsa aang'ono aja. Adayang'ana, adatembenuza kagudumu uku ndi uku, adapukuta m'maso ndi chala, adayang'ananso.

"Awa akungoonetsa mitengo," adatero.

"Eya, mphamvu yake ndi yochepa."

"Mitengo yokhayokha."

Adabweza zonse, adatsika, adatola thobwa lija n'kumwa theka, kenaka adatsanzika. Sadagamule kanthu. Mbuzi sadaitchule, Ntcheu sadamutchule. Ndidafunsa agogo aakazi ngati mlandu watha, iwo adati ndikatunge madzi. Sutikesi idakhalabe pakhonde.

Malume adabwerera Lamulungu titangochoka kutchalitchi. Sindikudziwa amene adafalitsa, koma a Chimphepo nawo adatulukira, ndi amuna ena a m'mudzi amene adakhala pansi pa mtengo wa mapichesi n'kunena kuti abwera kudzabwereka pampu. Malume sadadziwe kanthu za zimene zidachitika. Adali atatola kale bokosi laling'ono kuti aliike m'chikwama, poti ankawadziwa atate awo.

Agogo adavula magalasi aakuluwo m'khosi, adawapukuta ndi mpango uja mbali zonse, kutsogolo, kumbuyo ndi chingwe chomwe, adawagoneka m'bokosi lake n'kulipereka kwa malume. Adayankhula mokweza kuposa masiku onse, ngakhale malume adali pafupi pomwepo. Adati aakuluwo amalemera m'khosi. Adati m'manja mwa nkhalamba amanjenjemera, ndipo popanda mphanda suona kanthu. Adati malo amene amaonetsa ndi ochepa, mbalame ikangodumphira panthambi ina mwatayana. Aang'onowo amalowa m'thumba, ungapite nawo kudimba kapena kutchalitchi, ndipo mbalame umaipeza msanga. Munthu wongoyang'ana mbalame kuti mtima ukondwe safunika mphamvu zonsezo.

Zonsezo zidali zoona, ndadzazimva kwa ena odziwa bwino za magalasi. Koma ine ndidali nditawamva ndi makutu angawa akunena kuti aang'onowo ndi a ana. Malume nawo adadabwa.

"Atate, koma mwayesa bwinobwino? Enieni ndi aakuluwatu."

"Ndayesa. Ndi abwino kwambiri. Apite."

A Chimphepo adayang'ana pansi n'kunena kuti alamu asankha bwino, khosi la munthu wamkulu n'lofunika kulisamala. Amuna aja adavomereza kuti zoonadi khosi n'lofunika, ndipo adanyamuka mmodzimmodzi, pampu n'kuiiwala. Dzuwa lisanalowe agogo aakazi adatulutsa nsalu zawo m'sutikesi, mthiko udabwerera kukhitchini, ndipo agogo aamuna adazula mphanda pachulu n'kuiponya pamulu wa nkhuni. M'mawa mwake Nabiyeni adandiitana panjira ngati sipadachitike kanthu.

Ine ndidawakwiyira agogo. Ndinkafuna kuonanso diso la nkhulukulu, ndipo ndinkaona ngati akuluakulu onse agwirizana kundipusitsa. Ndidawatsata kudimba, ndidawapeza akuthirira kabichi ndi keni, timagalasi tobiriwira tikusuzumira m'thumba la chijasi.

"Agogo, munati aang'onowa ndi a ana."

"Ndinatero."

"Ndiye mwasankhiranji amenewa?"

Adathirira mzere wonse mpaka kumapeto asanayankhe.

"Akazi anga, mbalame ija ndaiona kale. Koma agogo anu aakazi sangakhale ku Ntcheu. Kulibe amene akuwadziwa."

Sindidamvetse chilichonse. Amene ankathamangitsidwa adali iwo, nanga agogo aakazi adalowamo bwanji? Ndidabwerera kunyumba ndi funsolo, ndipo ndidakula nalo. Ndidadzamvetsa ndili wamkulu, nditakwatiwa ndekha, kuti sutikesi ija inkayankhula ndi a Chimphepo. Agogo aakazi ankauza mlongo wawo kuti mukamuchotsa mwamuna wanga, nanenso ndisiya minda ya amayi ndi manda awo, ndimutsata. Ndi pakamwa sakadanena zimenezo kwa mwini mbumba, ndiye adazinena ndi nsalu ndi mthiko. Agogo aamuna adamva, ndipo adaona kuti mbalame yawo itsala pang'ono kuchotsa nkhalamba ya eni pamudzi pamene idabadwira. Mkazi yemweyo amene adawafunsa ngati chulu n'chawo ndi amene adalongedza kuti apite nawo, ndipo zimenezi mpaka lero zimandisokoneza ndi kundiliritsa pamodzi.

Magalasi aang'onowo adakhala nawo zaka zambiri. Adaonera nawo pumbwa, timba, mpheta za m'chimanga ndi kabawi wozungulira pamwamba pa anapiye. Pachulu ankakwerabe, ndipo palibe adanenanso kanthu. Nkhulukulu ikalira ankawaloza kutsidya, nthawi zina n'kuona kadontho kofiira kakudutsa pakati pa mitengo iwiri. Ankangoti wadutsa, n'kuwabwezera m'thumba. Ngati m'masiku aja a magalasi aakulu maso awo adatsikirapo pansi pa mitengo ngakhale kamodzi, sindidziwa. Sadanene, ndipo ine ndidali nditaphunzira kuti si funso lililonse limene lili langa.

Adamwalira m'nyengo yozizira, ine ndili kusukulu ya uphunzitsi. Akwawo ku Ntcheu adabwera ndi galimoto, amuna amene nkhope zawo sitinkazidziwa, n'kunena mwaulemu kuti mkamwini amakagona kwawo. Akuluakulu a mpingo adati kuli malo kumanda a pamishoni. Adakambirana m'mawa wonse pansi pa mtengo wa mapichesi, ife amayi tili m'nyumba ya siwa tikumva pang'onopang'ono. A Chimphepo, amene tsopano ankayenda ndi ndodo, maso atachita ng'ala, adadikira mpaka onse adatopa. Kenaka adayankhula, ndipo mawu awo adatifika m'nyumbamo.

"Munthu uyu sapita kwina kulikonse. Akagona kwathu, pansi pa mkuyu waukulu. Kuli mbalame zake."

Manda adakumba amuna omwe aja amene adaiwala pampu. Tidaoloka dambo tili pamzere, kwaya ikuimba, ndipo tidalowa m'msitu umene ndidakula osaulozako chala. Mudali mozizira, mukununkhira masamba ovunda ndi nkhuyu zakupsa. Bokosi likutsika, pamwamba pathu penipeni padamveka kho-kho-kho-kho. Pamaliro mkazi amaweramitsa mutu, koma wanga udadzuka wokha. Nkhulukulu idali panthambi yapansi, pafupi moti ndidaona tsumba ndi mkombero wofiira uja ndi maso angawa opanda galasi, kenaka idatambasula mapiko n'kuolokera mumtengo wina. Ndidakonzekera kutsinidwa pantchafu. Nditacheuka, agogo aakazi nawo adali atayang'ana kumwamba, misozi ikutsikira m'makutu.

Timagalasi tobiriwira tija ndili nato mpaka lero m'chikwama changa cha m'manja. Mbali imodzi idachita nkhungu m'kati moti ndimayang'ana ndi diso limodzi, ndipo chingwe chake chikadali ndi kafungo ka chijasi. Loweruka ndikakhala pakhonde kwathu ku Lilongwe ndimaonera nato pumbwa ndi njiwa, basi. Posachedwapa ana anga adandikakamiza kuti ndigule atsopano, ndipo ndidalowa m'sitolo ina m'tauni. Mnyamata wogulitsa adayala magalasi patebulo, aakulu ndi aang'ono, adandilongosolera manambala omwe aja, ine ndikugwedeza mutu ngati kale. Kenaka adandigwiritsa aakulu akuda, n'kunena monyadira kuti ndi amenewa ndingathe kuona munthu atakhala pakhonde la nyumba yake kutsidya kwa mtsinje, iye osadziwa. Ndidawaika pansi n'kuloza a nambala 8. Adadabwa, n'kufunsa mwaulemu kuti mayi, mukusiyiranji abwino kwambiriwa.

Ndidatsegula pakamwa kuti ndimuuze za chulu cha eni, za sutikesi ya pakhonde ndi za mkuyu waukulu wa kwathu, koma ndikadayambira pati? Ndidangodzigwira kumbuyo kwa khosi n'kumuuza kuti aakuluwo amalemera.